Zithunzi ndi zojambula m'nyumba: tiziike bwanji pakhoma?

aNachisale
Moni nonse. Lero tikambirane za kaikidwe ka zithunzi, zojambula pamanja, nsalu zokongoletsa ndi zosemasema m'nyumba. M'makomo ambiri zinthu zabwino zimangogona m'katoni kunsi kwa bedi, ndipo zomwe zinachita mwayi wofika pakhoma zinakhomedwa m'mwamba kwambiri moti mlendo amachita kupweteka khosi kuti azione. Amisiri a mafelemu, akalipentala ndi ojambula muli pano, musaumire nzeru. Tikufuna miyezo yeniyeni, njira zoti munthu angatsate yekha, komanso mutiuze zomwe zimalakwika.

Bambo Mbewe
Zikomo aNachisale. Ndiyambire pa vuto mwatchulalo la kukweza. Nyumba zambiri zoonetserako zojambula zimaika pakati penipeni pa chithunzi pa masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Ndati pakati pa chithunzi, osati pamwamba pake, komanso osati pokhomera msomali. Anthu amasokonezeka pamenepa.

Masamu ake ndi awa. Yezani kutalika kwa felemu mugawe pawiri. Kenako itembenuzeni, mukoke waya wakumbuyo m'mwamba ndi chala ngati kuti yakolekedwa kale, muyeze kuchokera pansonga pa wayayo kufika m'mphepete mwa felemu pamwamba. Tinene kuti felemu ndi yotalika masentimita 60, ndipo waya mukamukoka akutsala masentimita 8 kuti afike pamwamba. Theka la 60 ndi 30. Ndiye 145 kuphatikiza 30 ndi 175, kuchotsapo 8 kutsala 167. Pa 167 ndi pomwe waya akagone. Ngati mukugwiritsa ntchito mbedza ya msomali, chizindikirocho ndi cha m'munsi mwa mbedza momwe waya amakhalamo, msomali weniweniwo ulowa pamwambako pang'ono. Mukayeza waya ali lende osamukoka, chithunzi chimatsika ndi masentimita angapo, basi mwayamba kuboola bowo lachiwiri.

aNaphiri
Bambo Mbewe, muyezo wanuwo ndi wa munthu woimirira. M'kolido ndi polowera ndi wabwino ndithu. Koma pabalaza ndi podyera anthu amakhala pansi, ndiye chithunzi chiyenera kugwirizana ndi mipando, osati ndi pansi. Pamwamba pa sofa siyani masentimita 15 mpaka 25 kuchokera pa chotsamira kufika m'munsi mwa felemu. Mukachepetsa kuposa pamenepo, wokhala pa sofa amagunda mutu. Mukapitiriza, chithunzi chimaoneka ngati chikuuluka chokha, chosagwirizana ndi kanthu.

China ndi m'lifupi. Chithunzi, kapena gulu la zithunzi mukaliphatikiza, litenge pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mpando kapena kabati yomwe ili m'munsi. Sofa ya masentimita 210 imafuna chinthu cha masentimita 140 kapena kuyandikira pamenepo. Kachithunzi ka A4 kali kokha pamwamba pa sofa yotere kamangomvetsa chisoni.

Bambo Mbewe
Apo mwanena zoona amayi. Pomwe pali mpando, mpando ndiwo ulamule.

Mmisiri Banda
Musanafike pa zokongola, tidziwe kaye khoma tikulikhomalo. Zithunzi zambiri zomwe zimagwa, sikuti msomali unali wochepa mphamvu ayi, koma unalowa m'pulasitala mokha.

Pakhoma la njerwa kapena mabuloko a simenti, pulasitala amakhala wochindikala sentimita imodzi kapena awiri, ndipo payekha sagwira kanthu. Kachithunzi kopepuka, kosapitirira makilogalamu awiri, msomali wa konkire umakwana, bola muukhome mopendeketsa, mutu uli m'mwamba. Matani katepi ka pepala pamalopo musanakhome kuti pulasitala asagumuke. Misomali imeneyi ndi youma kwambiri, sipindika koma imathyoka n'kuthethekera kumaso, ndiye tetezani maso.

Zolemera zimafuna drill, pulagi (kapulasitiki kolowetsa m'bowo kuti sikuluwu igwire) ndi sikuluwu. Biti ya mamilimita 6 yoboolera njerwa, pulagi ya mamilimita 6 yotalika 30, sikuluwu ya mamilimita 4 yotalika 40 kapena 50. Kulungani katepi pabiti kuti mudziwe polekera, ndipo bowo lipitirire kutalika kwa pulagi ndi sentimita imodzi. Yambani kuboola hamala ya drill ili yozimitsa, muiyatse mukadutsa pulasitala. Ngati njerwa ndi yofewa musaiyatse n'komwe, chifukwa imakulitsa bowo pulagi n'kumangozungulira. Chotsani fumbi m'bowomo musanalowetse pulagi. Fumbi likatsala, pulagi imatsetsereka ngakhale bowo lili la saizi yoyenera. Pulagiyo muilowetse mpaka ipitirire pang'ono nkhope ya pulasitala, kuti ikamatanuka itanukire m'njerwa osati kung'amba pulasitala. Pakhoma la njerwa, fumbi lotuluka limakuuzani zomwe mwaboola: lofiira ndi njerwa, lotuwa lamchenga ndiye kuti muli pamzere wa simenti yolumikiza, womwe nthawi zambiri umagwira mofooka.

Khoma la mabolodi a gypsum okhomedwa pa mitanda ndi nkhani ina. Kumbuyo kwake kuli mphako, ndipo mitanda yake imatalikirana masentimita 40 kapena 60. Gogodani ndi chala, pomwe phokoso lasintha n'kumveka lolimba ndiye pamtanda, sikuluwu ilowe pamenepo. Pakati pa mitanda pamafunika zomangira zomwe zimatambasula mapiko kuseri kwa bolodi. Pulagi wamba imasolokamo.

Ndipo chonde, mawaya a magetsi nthawi zambiri amayenda molunjika m'mwamba, m'munsi kapena cham'mbali kuchokera pa switchi ndi pa soketi. Musaboole pamizere imeneyo. Khoma lomwe kuseri kwake kuli bafa kapena sinki, ganizirani mapaipi.

aNabanda
Nanga amene ali m'nyumba ya lendi, eni ake safuna mabowo, achite bwanji? Zomatira zija amati zimachoka osasiya chipsera n'zodalirika?

aNaphiri
Achemwali, zimagwira koma zili ndi malamulo ake. Zimafuna khoma losalala la penti wolimba. Pakhoma la laimu kapena penti wotuluka ufa mukapukuta ndi dzanja, zimamatirira ku ufawo, tsiku lina usiku mungomva galasi likusweka. Pukutani malowo ndi spirit, osati sopo chifukwa amasiya utoto woterera. Kanikizani masekondi 30, mudikire ola limodzi musanakoleke chinthu. Ngati khoma langopentedwa kumene, dikirani sabata. Kulemera kolembedwa papaketi musakufikitse, khalani pa theka lake. Pochotsa, kokani kalilime kake molunjika pansi motsatira khoma, pang'onopang'ono. Mukakokera kwa inu, penti amabwera nazo. Koma chinthu chomwe chikasweka simungachipezenso, kapena chomwe chili pamwamba pa bedi, musachidalitse zomatira.

Njira ina yosaboola n'komwe ndi kutsamiritsa. Felemu yaikulu, ya mita imodzi kapena kuposa, imaoneka bwino itaima pansi kapena pakabati yaifupi itatsamira khoma. M'munsi mwake muitalikitse masentimita 10 mpaka 15 kuchokera kukhoma, muike kamphira kunsi kuti isaterereke. Patsogolo pake mukhoza kutsamiritsa yaing'ono yophimba kona imodzi. Pomwe pali ana okwawa kapena ziweto njira iyi ilekeni.

Mmisiri Banda
Ndionjezere ziwiri zomwe zimafuna mabowo ochepa koma n'kukupatsani ufulu wosintha zithunzi tsiku lililonse. Mwini nyumba amavomera msanga mabowo atatu kusiyana ndi makumi awiri.

Yoyamba ndi kashelefu kopyapyala ka zithunzi. Matabwa atatu: lakumbuyo la masentimita 7 m'lifupi lomwe ligone kukhoma, lapansi la masentimita 9, ndi kamlomo kakutsogolo koti kadutse thabwa lapansi ndi sentimita imodzi ndi theka. Lumikizani ndi guluu wa matabwa ndi timisomali, mukwecheko ndi sandipepa, mupake penti wofanana ndi khoma kuti kasaonekere kwambiri. Sikuluwu pa masentimita 40 mpaka 50 alionse. Kamlomoko musakanyoze, ndiko kamaletsa felemu kutsetsereka chitseko chikamenyedwa. Mukafuna mashelefu awiri, mpata wake ukhale kutalika kwa felemu yanu yaikulu kuphatikiza masentimita 10. Pokonza, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo, zina ziphimbane pang'ono. Zikangondandalikana zofanana msinkhu, shelefu imaoneka ngati ya mu sitolo.

Yachiwiri ndi mtanda wam'mwamba. Mumakhoma kathabwa kapena ndodo yachitsulo m'litali mwa khoma, masentimita 20 kapena 30 kuchokera kusiling'i, zithunzi n'kumalendewera pa zingwe ndi mbedza. Chithunzi chilichonse chikhale ndi zingwe ziwiri zotsika molunjika, chifukwa chingwe chimodzi chimachititsa kuti chizizungulira. Vuto lodziwika la njira iyi ndi loti felemu imaweramira kutsogolo. Zimatero zomangira zakumbuyo zikakhala m'munsi kwambiri. Zikwezeni zifike pafupi ndi pamwamba pa felemu, kuwerama kumachepa.

aNachisale
Tsopano za khoma lodzaza zithunzi zosiyanasiyana lija. Ena likawakhalira limakongola zedi, ena limangooneka chipwirikiti. Kusiyana kwake kuli pati?

aNaphiri
Kuli pa mipata. Zithunzi zikhoza kusiyana saizi, mtundu ndi mafelemu, koma mpata wa pakati pake ukhale umodzi paliponse, masentimita 5 mpaka 8. Diso limakhululuka zambiri koma mpata wosintha limauona msanga. Dulani kathabwa ka masentimita 6 kakhale choyezera chanu, musamayeze ndi tepi nthawi iliyonse.

Kachitidwe aka si katsopano. Ku Paris, zionetsero za akatswiri a zojambula zinayamba mu 1667, ndipo kuyambira mu 1725 zinkachitikira m'chipinda chotchedwa Salon Carré m'nyumba yachifumu ya Louvre. Zithunzi ankazipanikiza kuyambira pansi mpaka kudenga, zam'mwamba akuziweramitsa kuti anthu azione ali pansi. Mpaka lero kadzazidwe kameneka kamatchedwa ndi dzina la Salon. Phunziro lake ndi loti zazikulu zooneka patali zikhoza kukwera, koma tating'ono tofuna kuyang'anitsitsa tikhale pamlingo wa maso.

Ndondomeko yake: yalani zonse pansi kaye, pamalo oyezedwa mofanana ndi khomalo. Chachikulu kwambiri chiikeni poyamba, chisakhale pakati penipeni koma chipatuke pang'ono. Chachiwiri kukula chipite mbali inayo, m'munsi kapena m'mwamba, kuti kulemera kusaunjikane kumodzi. Zotsalazo zidzaze mozungulira. Zakuda kwambiri ndi za mafelemu onenepa zimakhala bwino m'munsi, chifukwa m'mwamba zimaoneka ngati zigwa. Pakhale chinthu chimodzi chomangiriza gulu lonse, kaya mafelemu a mtundu umodzi, kaya mtundu wina wobwerezedwa m'zithunzi zitatu kapena zinayi zotalikirana. Mukakhutira, jambulani ndi foni. Pafoni zolakwika zimaoneka msanga kusiyana ndi poyang'ana ndi maso.

Kenako dulani mapepala a saizi ya felemu iliyonse, mulembe pa pepalapo pomwe msomali ulowe, muwamate kukhoma ndi tepi ya pepala. Asiyeni tsiku limodzi kapena awiri muziwaona masana ndi usiku. Khomani kudutsa papepala pomwepo, kenako ng'ambani pepalalo. Gulu lonse mulitenge ngati chithunzi chimodzi, pakati pake pakhale pa 145 paja.

Amene mukufuna mizere yolunjika, mwachitsanzo mafelemu 9 a masentimita 30 mbali zonse okhala ndi mipata ya masentimita 5, gulu lonse likhala masentimita 100 mbali zonse. Koma dziwani kuti mizere siikhululuka. Mamilimita atatu okha olakwika amaonekera kuchokera pakhomo.

aGama
Pepani ndilowerere ndi maganizo otsutsa. Khoma lodzaza lafala kwambiri moti anthu akugula zithunzi zopanda tanthauzo kuti angotseka mipata. Chojambula chabwino chimafuna malo opumira. Nyumba yoonetsera zojambula ya Museum of Modern Art ku New York itatsegulidwa mu 1929, mkulu wake woyamba Alfred Barr anapachika zithunzi motalikirana, pamlingo wa maso, pamakoma opanda zokongoletsa, kusiyana ndi kupanikiza kwakale kuja. Kachitidwe kameneko ndiko kanafala m'nyumba zoonetsera zambiri, chifukwa munthu amatha kuona chinthu chimodzi n'kuchimvetsa. Ngati muli ndi zinthu khumi, pachikani zitatu, zina musunge, pakatha miyezi ingapo musinthe. Chithunzi chikakhalitsa malo amodzi eni nyumba amasiya kuchiona.

Ndipo kachithunzi kakang'ono sikafuna anzake kuti kaoneke. Kaikeni mu felemu yaikulu yokhala ndi bolodi loyera lotambalala mozungulira, masentimita 12 kapena 15 mbali iliyonse, m'munsi muonjezere sentimita imodzi kapena awiri. Kamakhala ndi ulemu wake.

aNaphiri
Sitikutsutsana kwenikweni aGama. Chipinda chimodzi chikhale ndi khoma limodzi lodzaza, enawo apume. Makoma onse anayi akadzaza ndiye chipwirikiti chija.

Bambo Mbewe
Ndibwerere kumbuyo kwa felemu, chifukwa kumeneko ndi komwe ngozi zimayambira. Anthu amakonda kukunga waya kwambiri poganiza kuti akalimba ndiye wagwira. N'zosiyana. Waya akayandikira kukhala mzere wowongoka, mphamvu yomukoka imachuluka. Felemu ya makilogalamu 5, waya atakwera madigiri 30 mbali iliyonse, mbali iliyonse imakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 5. Mukamukunga mpaka madigiri 10, mphamvuyo imapitirira makilogalamu 14. Ndipo mphamvu imeneyi imakokera mbali za felemu m'kati, n'chifukwa chake makona amatseguka ndi zomangira kuzuka. Musiyeni waya apange phiri looneka bwino.

Zomangira zabwino ndi ma D-ring, timphete tachitsulo tooneka ngati chilembo D, oikidwa pa gawo limodzi mwa atatu kuchokera pamwamba. Timisomali tamaso tija timatuluka kwambiri, timakankha felemu kuchoka kukhoma ndipo timang'amba thabwa lopyapyala. Boolani kabowo kakang'ono kaye musanalowetse sikuluwu. Chingwe cha thonje kapena cha khonje chimafumbwa n'kuduka mosachenjeza, bola waya wopota.

Felemu yoposa masentimita 80 m'lifupi ikolekedwe pa mbedza ziwiri zotalikirana, siipendekeka munthu akaikhudza. Ikaposa makilogalamu 10, wayayo mulekeni, D-ring iliyonse ikhale pa sikuluwu yake. Kuti mabowo awiriwo agwirizane, matani tepi ya pepala kumbuyo kwa felemu kudutsa ma D-ring onse, mulembe pomwe ali, muchotse tepiyo muimate kukhoma mothandizidwa ndi levulo, mubooleretu pa zizindikirozo. Musayezere kusiling'i kapena pansi poganiza kuti n'zowongoka, nthawi zambiri sizikhala choncho.

Poyerekeza kulemera musaiwale galasi. La mamilimita 2 limalemera makilogalamu 5 pa sikweya mita, ndiye felemu ya 60 kwa 90 ili ndi makilogalamu oyandikira 3 a galasi lokha.

Mmisiri Banda
Kwa zolemera zedi monga kalilole wamkulu kapena chosema chathabwa, French cleat ndiyo yankho. Tengani thabwa lochindikala mamilimita 18, mulicheke m'litali mopendeketsa madigiri 45. Chidutswa chimodzi chikhomedwe kukhoma, nsonga yake ili m'mwamba komanso kutali ndi khoma. Chinacho chikhale kumbuyo kwa chinthucho, nsonga ili pansi. Zimalowana zokha ndipo kulemera kumagawika m'litali monse. M'munsi ikani kathabwa kochindikala mofanana kuti chinthucho chiime chilili.

Mayi Nkhoma
Zonse mwanenazi n'zabwino, koma chojambula chikhoza kukhala pakhoma mowongoka bwino chikuwonongeka mwakachetechete. Ndikambe za zapapepala, chifukwa ndizo zosalimba.

Pepala lisakhudze galasi. Kukazizira, chinyezi chimadikha m'kati mwa galasi, ndipo chithunzi cha kamera chimamatirira moti pochichotsa nkhope imatsalira pagalasipo. Bolodi lobooledwa windo lija, lokhala pakati pa galasi ndi chithunzi, ntchito yake yaikulu ndi kusiya mpata umenewu, kukongoletsa n'kwachiwiri. Windolo lichepe ndi mamilimita 4 mbali iliyonse kuti ligwire m'mphepete. Pepala la A4 ndi 21 kwa 29.7, windo lake likhale 20.2 kwa 28.9. Ngati simukufuna bolodi, bisani timizere tapulasitiki tochindikala mamilimita 2 kapena 3 m'mphepete mwa felemu pakati pa galasi ndi pepala.

Musamate pepala mbali zonse zinayi. Pepala limafufuma nyengo yachinyezi n'kubwerera kukauma. Mukalimanga paliponse limasowa kopita, limachita mafunde. Ligwireni pamwamba pokha, malo awiri, lizilendewera. Selotepu ndi tepi ya pepala n'zoletsedwa apa. Guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lachikasu losachoka, kenako amauma chojambula n'kugwera m'munsi mwa felemu. Akatswiri amagwiritsa ntchito timizere ta pepala la ku Japan ndi phala la sitalichi ya tirigu, chifukwa limachoka ndi chinyezi pang'ono. Kunyumba, timakona tolowetsamo zithunzi n'tokwanira, popeza guluu sakhudza chojambulacho.

Kumbuyo musaike katoni wamba kapena nyuzipepala. Zili ndi asidi yemwe amasamukira m'pepala n'kulifiiritsa. Funsani bolodi lolembedwa kuti acid-free. Mukamaliza tsekani mpata wakumbuyo ndi tepi ya mafelemu kuti fumbi, mphemvu ndi tizilombo todya mapepala tisalowe.

Acrylic, pulasitiki yooneka ngati galasi, imapepuka pafupifupi theka la galasi ndipo siisweka msanga, ndiye ndi yabwino m'chipinda cha ana. Koma pa zojambula za makala ndi choko cha pastel ayi. Mukaipukuta imakoka ufa wa chojambulacho n'kuunamatiza m'kati. Zimenezo zimafuna galasi ndi mpata wokulirapo.

Pa chinyezi: mpweya ukakhala ndi chinyezi choposa 65 kapena 70 peresenti kwa nthawi yaitali, nkhungu imayamba. Timadontho tofiirira papepala ndi chizindikiro chake. Pewani bafa, pamwamba pa chitofu, ndi khoma lomwe limanyowa mvula ikagwa. Pamakona awiri am'munsi kumbuyo kwa felemu matani timphira kapena tizidutswa ta cork (chotsekera mabotolo a vinyo chija), tochindikala mamilimita 5, kuti mpweya uziyenda kuseri. Zimathandizanso kuti felemu isasiye mzere wakuda pakhoma. Popukuta galasi, thirani mankhwala pansalu, osati pagalasi. Madzi amatsikira m'munsi, amalowa m'felemu, bolodi n'kuwamwa.

aNabanda
Mayi Nkhoma, nanga nsalu, zopeta ndi zoluka? Ambiri amangokhoma misomali m'makona.

Mayi Nkhoma
Misomali ndiyo imazipha mwanawe. Kulemera konse kumakhala pa ulusi wowerengeka, nsalu imakokeka n'kupanga mano m'mphepete, msomali ukachita dzimbiri banga lake silichoka. Kulemera kuyenera kugawika m'lifupi monse.

Njira yosavuta ndi kusokerera thumba lalitali la nsalu ya thonje kumbuyo, m'munsi pang'ono mwa mphepete yapamwamba, mulowetsemo ndodo. Sokani pamanja, singano izidutsa pakati pa ulusi osaubaya. Ndodo yathabwa ipakidwe vanishi iume bwino, chifukwa thabwa losapaka limadetsa nsalu. Kwa zolemera monga kapeti, sokani mbali yofewa ya Velcro (chomatira cha mbali ziwiri chija cha pansapato ndi pazikwama) pa lamba wa thonje ndi makina, lambayo musokerere pamanja kumbuyo kwa nsalu, mbali yokakala muikhome ndi sitepula pa kathabwa kakukhoma.

Nsalu yosindikizidwa wamba, yomwe simudandaula kuibaya, ikungeni pa felemu yamatabwa ngati chinsalu cha ojambula. Isiteni kaye. Menyani sitepula imodzi pakati pa mbali imodzi, kokani mumenye pakati pa mbali yoyang'anana nayo, kenako mbali ziwiri zotsalazo, muzipita kumakona mosinthanasinthana. Mukamaliza mbali imodzi yonse musanapite ina, maluwa ake amapindika. Nsalu imodzi mutaidula patatu n'kuikunga pa mafelemu atatu otalikirana masentimita 5 imadzaza khoma lalikulu, bola mizere ya chithunzi ipitirizane kuchoka pa felemu ina kupita pa inzake.

aGama
Tisaiwale kuwala. Dzuwa limasulutsa, ndipo kusuluka sikubwerera. Kumaunjikana: kuwala kochepa kwa zaka zambiri kumawononga ngati kuwala kwambiri kwa nthawi yochepa. Nyumba zosungira zinthu zakale zimaika zapapepala, za penti wamadzi ndi nsalu pa 50 lux (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala), za penti wamafuta pa 150 mpaka 200. Kunyumba simungayeze chilichonse, koma onani pomwe dzuwa limagunda khoma m'mawa ndi madzulo, zosalimba zisakhale pamenepo. Galasi lotchinga UV, cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, limathandiza koma silithetsa vuto, chifukwa kuwala kooneka ndi maso nakonso kumasulutsa. Khoma ladzuwalo lisungireni mbale, zachitsulo, zamwala, kapena kope losindikiza, chenichenicho chili pamthunzi.

Khoma loyang'anana ndi windo limasandutsa galasi kalilole. Zagalasi zimaoneka bwino pakhoma lam'mbali mwa windo.

Pounikira ndi magetsi, LED ndiyo yabwino popeza siitentha kwambiri ndipo UV yake ndi yochepa. Sankhani babu la 2700K mpaka 3000K (kuwala kokhalira kuchikasu), lokhala ndi CRI (muyezo wa momwe babu limaonetsera mitundu) ya 90 kapena kuposa kuti mitundu ioneke yeniyeni. Kuwala kugwere pa chithunzi mopendekeka madigiri 30 kuchokera pamzere woimirira. Siling'i ikakhala pa masentimita 270, pakati pa chithunzi pa 150, nyali italikire khoma masentimita 70. Ikayandikira kwambiri, felemu imaponya mthunzi pamwamba pa chithunzi. Ikatalikira, kuwala kumabwerera m'maso mwa woonayo. Chosema chokha ndicho chimafuna kuwala kochokera cham'mbali kuti mizere yake izame.

aNachisale
Mwachidule tithandizeni pa tinthu tina: zojambula za ana, mbale, zosema zazing'ono.

aNaphiri
Za ana zimasintha sabata iliyonse, ndiye felemu yotsegula kumbuyo imatopetsa. Kungani waya pakati pa mbedza ziwiri muzipanira ndi mapegi, kapena khomani mabolodi opanira mapepala asanu ndi limodzi m'mizere iwiri. Tsitsani mzerewo ufike pa masentimita 100 kapena 110 kuti eni ake aziona ntchito yawo. Mapepala aakulu amagwidwa bwino ndi timatabwa tiwiri tamaginito pamwamba ndi tiwiri m'munsi, osaboola pepala.

Mbale zili ndi zopachikira ziwiri. Za waya wa sipuling'i zimagwira zolimba koma zimabenthula m'mphepete ngati zathina, ndiye sankhani saizi yoyenera ndipo nsonga zake zikhale zokutidwa ndi pulasitiki. Zomata kumbuyo sizioneka kutsogolo, koma zimafuna kuuma usiku wonse, ndipo muyese kuzikoka mwamphamvu musanapachike. Madengu oluka amangofuna kachingwe ka twayini kolowetsedwa m'maluko akumbuyo.

Zosema zazing'ono zikhale m'magulu a zitatu zosiyana msinkhu, china chikwezedwe pa mabuku awiri ogoneka. Kunsi kwake ikani phula lomatira lomwe amagwiritsa ntchito m'nyumba zosungira zakale kuti zisagwe shelefu ikagwedezeka. Zathabwa zitalikire moto ndi dzuwa, zimang'aluka zikauma mofulumira. Malo ena omwe anthu amawaiwala ndi m'kati mwa shelefu ya mabuku, pamwamba pa chitseko, ndi kakhoma kopapatiza ka pakati pa mawindo awiri, komwe tizithunzi titatu totsikirana timakwana bwino.

aNabanda
Funso lomaliza, pamasitepe muyezo wa 145 uja umayenda bwanji poti pansi pakukwera?

Bambo Mbewe
Yezani masentimita 145 molunjika m'mwamba kuchokera pamphuno ya sitepe yoyamba, muchitenso chimodzimodzi pa yomaliza. Kungani ulusi pakati pa zizindikiro ziwirizo, muugwiritse ndi tepi. Pakati pa felemu iliyonse pagwere pa ulusiwo, felemuyo ili yowongoka ndi levulo, osati yopendekera motsatira masitepe. Felemu imodzi pa masitepe awiri kapena atatu alionse imakwana. Popeza anthu amadutsa akukhudza khoma ndi mapewa komanso katundu, gwiritsani ntchito ma D-ring awiri pa masikuluwu awiri m'malo mwa waya, mafelemu akhale opyapyala osaposa masentimita 3, ndipo acrylic ilowe m'malo mwa galasi. Makwerero wamba musawaimike pamasitepe. Pezani osinthika miyendo, wina akugwirireni.